Ketulo ya ma watt 2000 ndi waya wotentha wa pa batire: yankho kwa mbale wa ku Dedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina wa ku Dedza amene ali ndi malo ometera tsitsi ndi kutchajirapo mafoni. Dzina lake ndilisunga, koma funso lake ndalibweretsa pano chifukwa ambiri a inu muli ndi batire ndi inveta kunyumba kapena pa geni, ndipo zimene zikumuonekera iyeyo si zachilendo. Mwachidule analemba motere:

"Mlamu wanga wandibwereka mita yoyezera magetsi ija yokhala ndi kamwa ngati nkhanu. Ndayeza ketulo yanga ili mkati mowiritsa madzi. Pa soketi pali ma volt 224, ndipo ikukoka ma amp 8.5. Pansi pake analembapo 2000W. Ndingapeze bwanji resistance ndi mphamvu yake kuchokera pa manambala awiriwa? Kodi anandigulitsa ya feki? Chachiwiri, magetsi akathima ndimagwiritsa ntchito batire la ma volt 12 ndi inveta. Zonse zimene ndimalumikiza sizipitirira ma watt 300, koma waya wochoka ku batire amatentha moti sagwirika, ndipo inveta imalira ngati batire latha pomwe langotchajidwa kumene. Wayayo ndi wa 1.5, wotsala pamene ankaika magetsi m'nyumba, ndipo batire lili mamita atatu kuchokera pa inveta."

Achimwene, zikomo chifukwa mwatumiza manambala enieni. Ambiri amangoti "zikutentha" basi, ndiye munthu umasowa pogwira. Ketulo yanu ndi yabwinobwino, musadandaule nayo. Koma waya wa pa batireyo ndikupemphani musamugwiritsenso ntchito mpaka mutasintha, chifukwa m'malo ometera mumakhala tsitsi louma, matawulo ndi sipiliti. Mafunso anu awiriwa masamu ake ndi amodzi, ndipo mukamvetsa za ketulo, za wayayo muziona nokha.

Tiyambe ndi zinthu zitatu zimene mita yanu ikukamba. Voteji ndi kukankha, ndipo imayezedwa mu ma volt. Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa pa sekondi iliyonse, mu ma amp. Resistance ndi kukana kwa njira imene magetsiwo akudutsamo, mu ma ohm. Ganizirani thanki ya madzi pa nsanja. Kutalika kwa nsanja ndiye voteji, madzi otuluka pa mpopi ndiye karenti, ndipo kuchepa kwa paipi ndiye resistance. Chitsanzochi ndi chongokulowetsani pakhomo, sichifika patali, choncho tisachikakamire.

Amene anapeza mgwirizano wa zitatuzi ndi Georg Simon Ohm, mphunzitsi wa masamu ndi sayansi pa sukulu ina mumzinda wa Cologne ku Germany. Anayesa mawaya osiyanasiyana kutalika ndi kunenepa, n'kulemba zimene anapeza m'buku lomwe linatuluka mu 1827. Akatswiri a kwawo poyamba sanalilandire bwino, mpaka mu 1841 pamene bungwe la Royal Society ku London linamupatsa mendulo ya Copley. Ndimakonda kukumbutsa anthu kuti lamulo limeneli linachokera kwa mphunzitsi amene ankadzipangira yekha zida zake zoyezera. Lamulolo likuti:

V = I × R

V ndi voteji, I ndi karenti, R ndi resistance. Mukakhala ndi ziwiri, chachitatu mwachipeza kale. Inu muli ndi V ndi I, ndiye mugawe:

R = V ÷ I = 224 ÷ 8.5 = ma ohm 26.4

Imeneyo ndiye resistance ya elementi ya ketulo yanu, chitsulo chija chotenthetsa madzi. Mphamvu, imene imayezedwa mu ma watt potengera dzina la James Watt wa ku Scotland, mumaipeza pochulukitsa manambala omwewo:

P = V × I = 224 × 8.5 = ma watt 1,904

Apa ndi pamene munayamba kukayika, chifukwa 1,904 si 2,000. Koma tembenuzani ketuloyo muwerengenso. Pafupi ndi 2000W pali nambala ya voteji, kawirikawiri 230V kapena 220-240V. Wopanga ketulo sakulonjeza kuti izipereka ma watt 2,000 nthawi zonse. Akunena kuti ikapatsidwa voteji yakutiyakuti, ipereka ma watt amenewo. Chimene iye anamangira mkati mwa ketulo, chosasintha, ndi resistance. Tiyese: pa ma volt 230, amene ndi muyezo wa magetsi a m'nyumba kuno kwathu, karenti ikhala 230 ÷ 26.4, omwe ndi ma amp 8.7. Chulukitsani 230 ndi 8.7, mupeza 2,001. Mwaona? Ketulo yanu ikunena zoona mpaka pa watt. Zangochitika kuti nthawi imene munkayeza, soketi yanu inali ndi ma volt 224.

Pamenepa pali chinthu chimene ndikufuna muchigwire bwino. Voteji ikatsika, karenti nayo imatsika, ndipo popeza mphamvu ndi kuchulukitsa ziwirizi, imagwa kawiri. Mukaphatikiza malamulo awiri aja mumapeza njira zina ziwiri zopezera mphamvu:

P = V × V ÷ R

P = I × I × R

Tengani yoyambayo. Tinene kuti madzulo, anthu onse a pa thiransifoma yanu akuphika, voteji yatsika kufika 200. Ndiye 200 × 200 ÷ 26.4 akupereka ma watt 1,515. Voteji yatsika ndi 13 peresenti yokha, koma mphamvu yatsika ndi pafupifupi 24 peresenti, kotala yathunthu. N'chifukwa chake madzi omwe amawira m'mphindi zinayi masana amatenga mphindi zisanu ndi kupitirira madzulo, ndipo amayi ophika pa mbaula ya magetsi amadandaula kuti magetsi a lero ndi ofooka. Sakunama ayi. Masamu akuwavomereza.

Za mayunitsi ndingokhudzako, popeza mwina mukufuna kudziwa kuti ketuloyo ikukudyerani zingati. Yunitsi imodzi imene mumagula ndi ma watt 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Ketulo ya ma watt 1,904 ikayaka mphindi zisanu yadya 1,904 ÷ 12, chifukwa mphindi zisanu ndi gawo limodzi la magawo 12 a ola. Amenewo ndi mayunitsi pafupifupi 0.16. Mukawiritsa kasanu ndi kamodzi pa tsiku, kutsukira zida ndi kupangira tiyi, yunitsi imodzi yatsala pang'ono kutha.

Mukazula ketulo ku soketi, n'kuika mita yanu pa chizindikiro cha Ω, chomwe ndi cha ma ohm, n'kugunditsa timawaya take pa mano awiri a m'munsi a pulagi switchi ya ketulo ili yoyatsa, muyenera kuona nambala yoyandikira 26. Elementi zambiri zotenthetsera zimapangidwa ndi nichrome, chitsulo chosakaniza nickel ndi chromium chimene Albert Marsh wa ku America anachilembetsa mu 1906, ndipo ubwino wake ndi woti resistance yake siisintha kwenikweni chikatentha. Koma musayembekezere zomwezo pa chilichonse. Babu lakale lija la ulusi mkati, la ma watt 100, masamu amati 230 × 230 ÷ 100, omwe ndi ma ohm 529. Mukaliyeza lili lozizira mupeza pafupifupi 40 basi. Mita siinalakwe, masamunso sanalakwe. Ulusi wake ndi wa tungsten, umayaka pa kutentha koposa madigiri 2,000, ndipo ukatentha choncho resistance imakwera kuposa kakhumi. Pa kanthawi kochepa kamene mwangodina switchi, ulusi wozizira uja umalola pafupifupi ma amp 6 kudutsa, m'malo mwa 0.43 wa nthawi zonse. Ndiye chifukwa chake mababu aja ankakonda kupsa pomwe mwangoyatsa. Choncho R = V ÷ I imakuuzani resistance ya chinthu pa nthawi imene mukuyezayo, momwe chatenthera.

Tsopano ku waya wanu, komwe kwagona nkhani.

Mwati katundu wanu ndi wa ma watt 300. Tembenuzani lamulo la mphamvu kuti mupeze karenti: I = P ÷ V. Kumbali imene inveta ikutulutsa ma volt 230, karenti ndi 300 ÷ 230, ma amp 1.3 okha. Waya wa 1.5 amanyamula zimenezo osamva kanthu, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake munamukhulupirira. Koma kumbali ya batire voteji ndi 12. Ma watt 300 omwewo akufuna 300 ÷ 12, ma amp 25. Inveta nayo imadyako gawo lake posandutsa magetsi, n'chifukwa chake imafunda ndipo ina ili ndi kafani mkati. Tikaika kuti imatulutsa 85 peresenti ya zimene yalandira, batire likuyenera kupereka ma watt pafupifupi 353, omwe ndi ma amp 29 ndi kanthu. Tingoti 30. Taonani bwino: wailesi ya kanema, sipika, makina ometera ndi machaja anu akukoka ku batire karenti yoposa katatu imene ketulo imakoka ku soketi.

Waya nayenso ali ndi resistance. Ndi yochepa, koma ilipo. Waya wa kopa wa 1.5, kutanthauza kuti kunenepa kwa kopa wake ndi masikweya milimita 1.5, amakhala ndi pafupifupi ma ohm 0.012 pa mita iliyonse. Batire lanu lili mamita atatu, koma magetsi amapita ndi kubwerera, waya wofiira ndi wakuda, ndiye ulendo wonse ndi mamita 6. Resistance yonse ndi 6 × 0.012, pafupifupi ma ohm 0.07. Nambala yooneka yopanda pake, eti? Iikeni mu lamulo la Ohm:

V = I × R = 30 × 0.07 = ma volt 2.1

Ma volt 2.1 akuthera m'njira asanafike ku inveta. Pa magetsi a 230, kutaya ma volt awiri palibe angazindikire. Pa 12 ndi tsoka. Batire lanu likamagwira ntchito mwina lili pa 12.4, koma inveta ikuona 12.4 kuchotsa 2.1, omwe ndi 10.3. Ma inveta ambiri a ma volt 12 amayamba kulira voteji ikatsika kufika cha m'ma 10.5, pofuna kuteteza batire. Inveta yanu ikulira chifukwa pa mapazi ake pakufikadi voteji ya batire lakutha. Ilibe njira yodziwira kuti wakuba ndi waya. Choipa china n'chakuti inveta ikaona voteji yatsika imakoka karenti yochulukirapo kuti ikwanitse ma watt 300 aja, karenti yochulukayo imagwetsanso voteji mu waya, ndipo zimangokankhana choncho mpaka inveta izime.

Nanga kutenthako? Apa tigwiritse ntchito njira yachitatu ija, imene James Prescott Joule wa ku Salford, pafupi ndi Manchester, anaitsimikiza cha m'ma 1841 pomiza waya m'madzi n'kumayeza momwe madziwo akufundira:

P = I × I × R = 30 × 30 × 0.07 = ma watt 63

Mkati mwa waya wanu muli ngati mwayatsa babu lakale la ma watt 60, koma lokutidwa ndi pulasitiki. Waya yemweyo, wa mamita omwewo, atakhala kumbali ya 230 akunyamula ma amp 1.3, kutentha kwake kukanakhala 1.3 × 1.3 × 0.07, ma watt 0.12. Kusiyana kwake ndi koposa ka 500, pomwe katundu ndi yemweyo. Zonsezi ndi chifukwa chakuti karenti imalowa m'masamuwa kawiri. Mukaichulukitsa kawiri, kutentha kumachuluka kanayi. Mukaichulukitsa kakhumi, kutentha kumachuluka ka 100.

Anthu ambiri amaganiza kuti ma volt 12 ndi magetsi oseweretsa chifukwa sagwira munthu. N'zoona kuti mutha kukhudza mitu yonse iwiri ya batire ndi manja ouma osamva kanthu, popeza khungu lili ndi resistance yaikulu ndipo ma volt 12 sangakankhe karenti yokwanira kudutsamo. Koma pa nkhani ya moto, mbali ya batire ndi imene ndimaiopa kwambiri. Waya samva voteji. Chimene chimamuwotcha ndi ma amp, ndipo voteji ikachepa ma amp amachuluka kuti ntchito yomweyo igwirike.

Mfundo yomweyi ndi imene inaimika nsanja zazitali za magetsi zimene mumaona mukamayenda pa msewu wa M1. Malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire amatha kupanga pafupifupi ma megawatt 130, omwe ndi ma watt 130 miliyoni. Atati awatumize pa ma volt 230, karenti yake ikanaposa ma amp 500,000, ndipo palibe waya pa dziko lapansi amene akanafikitsa magetsi amenewo ku Lilongwe. Pa ma volt 132,000, karenti imatsika kufika pafupifupi ma amp 570 pa waya aliyense mwa mawaya atatu a mzerewo. N'chifukwa chake kunamangidwanso mzere wa ma volt 400,000 kuchokera ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma, kuti magetsi ochuluka aziyenda ndi karenti yochepa, osathera m'njira ngati kutentha. Vuto limene mainjiniya a ESCOM amalimbana nalo pa makilomita mazanamazana ndi lomwelo muli nalo inu pa mamita atatu.

Ndiye mutani? Njira ndi zitatu, ndipo zonse zikuchokera m'masamu omwewa. Yoyamba siifuna ndalama: sendezani inveta pafupi ndi batire, mita imodzi kapena kucheperapo, ndipo mtunda wotsalawo uyendedwe ndi waya wa kumbali ya 230, komwe karenti ndi yochepa. Musaiike pamwamba penipeni pa batire la asidi, chifukwa likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka ndi kamoto kakang'ono. Yachiwiri, nenepetsani waya. Wa 10 ali ndi pafupifupi ma ohm 0.00175 pa mita. Ngakhale mutasiya mamita 6 aja, resistance ndi 0.0105, ma volt otayika ndi 0.3, ndipo kutentha ndi ma watt 9 ndi theka. Mukachita zonse ziwiri, waya wa 10 ndi ulendo wa mamita awiri, kutentha kumatsika kufika ma watt 3. Kufupikitsa kokha musasinthe waya sikukwanira, chifukwa mita iliyonse ya waya wa 1.5 izitenthabe chimodzimodzi ndi ma amp 30 aja. Pogula, pendani kopa wa mkati, osati kunenepa kwa pulasitiki. Pamsika pali mawaya ooneka onenepa koma mkati muli timaulusi towerengeka, ndipo ena ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, amene resistance yake ndi yokwera. Mukapala ndi mpeni n'kuona zoyera mkati, ameneyo si kopa weniweni. Yachitatu ndi ya m'tsogolo mukadzakula: mabatire awiri olumikizidwa motsatizana amapereka ma volt 24, karenti imatsika ndi theka, ndipo kutentha kumatsala kotala. Koma zimenezo zimafuna inveta ya 24, musayese ndi imene muli nayoyi.

Mu imelo yanu simunatchule fyuzi, ndipo zimenezi zandidetsa nkhawa kuposa zonse. Tiyerekeze pulasitiki yasungunuka, wofiira ndi wakuda akhudzana chakumapeto. Chotsala choletsa karenti ndi ma ohm 0.07 a waya ndi pafupifupi 0.01 a mkati mwa batire. Gawani 12.4 ndi 0.08, mupeza ma amp oposa 150. Kutentha mu waya kumadutsa ma watt 1,500, ngati mbaula ya magetsi, ndipo palibe switchi ya ESCOM imene ingazimitse zimenezo. Waya amafiira m'masekondi ochepa. Ikani fyuzi ya DC (magetsi a batire, oyenda mbali imodzi) ya ma amp 40 pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi mutu wa batire, mutasintha kale waya kukhala wonenepa. Fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya, choncho ikhale yoti iduke waya asanayambe kuvutika.

Ndikudziwa kuti tsiku lina magetsi atathima mudzaganiza zolumikiza ketulo ija ku inveta. Werengerani kaye: 2,000 ÷ 12 ndi ma amp 167, ndipo tikaonjezera zimene inveta imadya, akuyandikira 200. Batire la 100Ah (ma amp 100 a ola limodzi) limasunga pafupifupi 12 × 100, ma watt 1,200 a ola limodzi, ndipo la asidi sayenera kulikhetsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. Madzi otentha a nthawi ya mdima muwiritse pa makala.

Pali malo ena pamene I × I × R imaluma mwakachetechete, ndipo awa akukhudza aliyense, ngakhale amene alibe batire. Ndi polumikizira. Sikuluwu yomasuka mu soketi, waya wongopotokola pa mutu wa batire, kapena pulagi ya mano awiri yokakamizidwa mu soketi ya mano atatu, zonsezi zimaika resistance pamalo amodzi. Tinene kuti ndi theka la ohm. Ketulo yanu ikamakoka ma amp 8.5, pamalopo pakutuluka 8.5 × 8.5 × 0.5, ma watt 36. Amenewo ndi ofanana ndi kachitsulo kowotcherera kamene okonza mawailesi amasungunulira mtovu, koma kali mkati mwa khoma. Soketi ikada m'mbali mwa bowo limodzi, kapena mukamva fungo la pulasitiki, musayambe ndi kuimba mlandu ketulo. Zimitsani pa main switch, ndipo munthu wodziwa ntchito atsegule aone.

Mapulagi athu a mano atatu, amene tinatengera ku Britain, amakhala ndi fyuzi mkati, yaikulu kwambiri ndi ya ma amp 13. Chulukitsani 13 ndi 230, mupeza ma watt 2,990. Amenewo ndiwo malire a pulagi imodzi, choncho ndiwonso malire a ekisitenshoni yonse ngakhale ikhale ndi mabowo asanu. Ketulo ya 2,000 ndi simbi ya 1,200 pamodzi ndi 3,200, ma amp 13.9. Fyuzi siiduka pomwepo ikangodutsidwa pang'ono chonchi, imatha kupirira nthawi yaitali uku zonse zikufunda. Ndipo ma ekisitenshoni otchipa ambiri waya wake sangapirire ngakhale ma amp 10. Chizolowezi chomanga waya kapena pepala lonyezimira la ndudu pamalo a fyuzi yoduka chimandipweteka mtima nthawi zonse ndikachiona, chifukwa munthu wachotsa mlonda yekhayo amene anali naye.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi musanayambe kuyeza chilichonse m'nyumba ndi mita ya alamu anu. P = V × I imapereka ma watt enieni pa magetsi a batire, komanso pa zinthu zongotenthetsa monga ketulo, simbi, mbaula ndi giza. Pa zinthu zokhala ndi mota monga firiji, fani, pampu ndi makina ometera a pa soketi, komanso machaja ndi mababu ambiri a LED, nkhani imasintha pang'ono. Magetsi a ESCOM amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo mu zinthu zimenezi karenti siyendera limodzi ndi voteji. Mukachulukitsa V ndi I mumapeza nambala yotchedwa VA, imene imakhala yokulirapo kuposa ma watt enieni. Firiji ikhoza kuonetsa ma amp 0.9, masamu n'kupereka 207, pomwe ma watt amene mita ya mayunitsi ikuwerenga ndi ochepera pamenepo. Kusiyanako amakutcha power factor. N'chifukwa chake inveta kapena jenereta yolembedwa 1000VA nthawi zambiri siinyamula ma watt 1,000. Kugawa V ndi I pa mota sikukupatsaninso resistance imene mungaione mutayeza mota itazimitsidwa. Komanso mota ya firiji ikamadzuka imakoka karenti yochuluka kangapo kwa kanthawi, ndiye posankha inveta muzisiya malo.

Poyeza, resistance yezani chinthu chitazulidwa ku magetsi, nthawi zonse. Mita ya kamwa ija muzipana waya mmodzi yekha, ndipo ndikuona kuti munachita bwino popeza munapeza 8.5. Mukapana chingwe chonse, karenti yopita ndi yobwerera zimafafanizana ndipo mita imaonetsa ziro. Kwa amene muli ndi multimeter wamba ya timawaya tiwiri, chonde musaiike pa ma amp n'kulowetsa timawayato mu soketi. Ine ndinachitapo zimenezi ndikuphunzira kumene ntchito. Ndinali nditayeza karenti ya kababu ka batire, n'kuiwala kubweza kawaya kofiira pa bowo la ma volt. Mita ikakhala pa ma amp, mkati mwake resistance imakhala pafupifupi ziro, ndiye ndinali nditalumikiza live ndi neutral mwachindunji. Kunamveka kuphulika, nsonga ya kawaya inasungunuka, ndipo timadontho ta chitsulo tinandiwotcha pa dzanja. Kuyambira tsiku limenelo ndimayang'ana mabowo a mita ndisanayang'ane china chilichonse. Kumbukiraninso kuti thupi lonyowa resistance yake imatha kutsika kufika pafupifupi ma ohm 1,000. Gawani 230 ndi 1,000, mupeza ma amp 0.23, pomwe chozimitsa magetsi choteteza moyo wa munthu chimapangidwa kuti chigwe pa 0.03. Inu mumagwira madzi tsiku lonse pometa, ndiye pukutani manja ndipo muvale nsapato musanakhudze mita.

Ma mita ambiri otchipa a kamwa amayeza karenti ya AC yokha (magetsi a pa soketi), choncho mukapana waya wa batire mwina simuona kanthu. Koma mutha kutsimikiza zonse ndanenazi ndi voteji yokha, ndipo ndingakonde mutachita zimenezi kamodzi kokha, kwa mphindi imodzi, musanachotse waya wakaleyo. Ikani mita pa ma volt a DC. Yatsani katundu wanu yense monga mwa masiku onse. Yezani pa mitu ya batire penipeni, mulembe. Yezaninso pamene mawaya akulowera mu inveta, mulembe. Kusiyana kwa manambala awiriwo mukugawe ndi 0.07, ndipo yankho lake likuuzani pafupifupi ma amp amene akuyenda, wayayo atakhala ngati mita yanu. Mukapeza kusiyana koposa ma volt awiri ndi theka, mwina palinso polumikizira pomasuka kapena wayayo si kopa weniweni. Mukadzaika waya watsopano ndi fyuzi, bwerezani kuyezako. Kusiyana kukhale kosapitirira 0.3 kapena 0.4. Ngati pamenepo inveta ikuliranso, ndipo voteji ya pa mitu ya batire penipeni ikugwa msanga kufika pansi pa 11.5 katundu akangoyatsidwa, ndiye kuti batire nalo latopa. Munditumizire manambala anayiwo, pamodzi ndi zimene zalembedwa pa batire ndi pa inveta, kuti tiwerengere limodzi maola amene lingakutumikireni magetsi akathima.